Dazi la a Silvester Mfundo

A Silvester Mfundo a ku Tsangano ndi mlimi wa kachewere, munthu wosaopa ntchito, koma dazi lawo, abale inu, kung'anima kuposa khasu latsopano! Silinkawavuta mpaka pomwe mtima wawo unagwera mayi Lufina, namfedwa mnzawo wogulitsa kabichi pamsika. Tsiku lina mphepo inawaulutsira chipewa pamsikapo, mayiwo n'kuseka. A Silvester anati basi, popanda tsitsi banja palibe.

Mwana wawo Tikondwe amagwira ntchito yofufuza za mankhwala ku Blantyre. Akucheza pa foni, anawafotokozera kuti maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, akathiridwa mankhwala ena amayesa kwagwa njala. Amayamba kudya zinyalala za m'kati mwawo, kenako kaubweya kamodzi kamene selo limakhala nako kamakula.

"Chikukulitsa ubweyawo ndi njala?"

"Tingotero, ababa. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Bodza! Mankhwalawo analibe, koma njala kuno sitichita kugula. Anasiya kudya. Ankangomwa madzi, kulima, n'kumadzipapasa pamutu m'mawa uliwonse. Lamba anamuboola mabowo atsopano, koma dazi lili phuliphuli ngati kale.

Chibwenzi chinapitirirabe, ndiye linakwana tsiku lokaonekera kwa abale a mayi Lufina. Nkhuku inaphedwa, nthutumba n'kuikidwa m'mbale ya mlendo monga mwa ulemu. A Silvester, malovu ali chuchuchu, anaikankha mbaleyo.

"Pepani, sindikudya masiku ano. Thupi langa likudzidya lokha."

Kwathu kuno mlendo akakukanira nkhuku, ndiye kuti wakunena ufiti maso ndi maso. Alongo awo a mayi Lufina anadzambatuka: "Mukuti mlongo wathu wakuthirirani chiyani m'ndiwomu?" Mayi Lufina anatola mbale, misozi ili mbwembwembwe, n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso.

Pobwerera, a Silvester anaimbira Tikondwe n'kuulula zonse. Mwanayo anakalipa, anaseka, kenako analira.

"Ababa, mwinadi ubweyawo wakula, koma ndi m'maselo a m'kati mwa thupi, monga ku impso uko. Suoneka popanda makina oonera tinthu ting'onoting'ono."

A Silvester anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, mtima ukuwawa kuposa m'mimba.

"Ndiye ubwere nawo makinawo, mwanawe. A Lufina adzauone okha ubweyawo, adziwe kuti sindinawanyoze."