Mapurosesa Amene Misozi Sanabe

Mwana wa mnzanga ndinamunamizira kuba, pamaso pa komiti yonse, chifukwa cha nambala imene ndinaiona pa kompyuta koma osaimvetsa. Inu owerenga, ine ndine munthu wosakhulupirira msanga. Wina akandipatsa moni womwetulira kwambiri, ndimayamba ndagwira m'thumba. Khalidwe limeneli landipulumutsa kambirimbiri, koma ulendo uno linandigwetsa.

Ndine mlembi wa gulu la alimi pano pa Chadiza. Bungwe lina linatipatsa kompyuta yaikulu, ndipo pa katoni yake panalembedwa kuti ili ndi mapurosesa asanu ndi atatu. Mapurosesa ndiwo amaganiza ndi kugwira ntchito m'kati mwa kompyuta. Woisamalira anali Misozi, mwana wa malemu mnzanga wa ku Pembamoyo. Misoziyo anaphunzira za makompyuta. Chimwalirireni bambo ake, ankanditchula kuti atate.

Misozi anaigawa kompyutayo m'kati kuti izigwira ntchito ngati makompyuta atatu osiyana: ina yolembera mayina a alimi, ina ya katundu wa m'shedi, ina ya makalata. Yolembera alimiyo inali yanga. Tsiku lina ndikufufuzafufuza, monga mwa chizolowezi changa, ndinaona kuti yangayo ili ndi mapurosesa awiri okha. Awiri! Pa katoni asanu ndi atatu, kwa ine awiri. Ndinakumbukira kuti sabata yomweyo Misozi anakwera minibasi kupita ku Chipata, nabwerako ndi foni yatsopano. Nkhani ndinaimaliza ndekha m'mutu: enawo wazula, wakagulitsa.

Nditamufunsa, anaseka. "Atate, mapurosesa si mabatire a wailesi oti munthu n'kuchotsamo. Onse ali pa kachitsulo kamodzi. Makompyuta atatuwa ndawapatsa awiriawiri, awiri otsalawo ndasiyira kompyuta yaikuluyo kuti nayonso izipuma."

Kusekako n'kumene kunandipsetsa mtima. Ndinati wakuba sasowa chonena. Nkhani ndinakaitula ku komiti, ya foni ija ndinaithira mchere, ndipo Misozi anauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba, asiye makiyi ndi pasiwedi yotsegulira kompyuta. Sanalire, sanakangane. Anangondiyang'ana kamodzi n'kutuluka, ineyo n'kumati ndiko kuvomera kumeneko.

Lolemba lotsatira linali tsiku lolembetsa alimi oti alandire mbewu ndi feteleza. Anthu anafika m'mamawa, ena pa njinga kuchokera ku Zemba, ena wapansi. Ndinafuna kuonetsa kuti popanda Misozi zinthu ziyenda bwino koposa. Pa malo oikira chiwerengero cha mapurosesa a kompyuta yanga, pamene panali 2 paja, ndinalembapo 16, poganiza kuti kuchuluka n'kwabwino. Kompyuta yanga inakana kuyaka. Inangotulutsa uthenga woti ndapitirira malire, sindingaipatse oposa asanu ndi atatu. Apatu makinawo ankandiuza okha kuti onse alimo, palibe chimene chinabedwa, koma munthu amene waweruza kale samva, ngakhale amuuze ndi makina.

Ndiye makompyuta onse atatu ndinawapatsa asanu ndi atatu iliyonse, kuti pasakhale womanidwa. Anayaka, inde, koma birimankhwe akanawapitirira. Ndikalemba dzina, ndinkadikira mpaka kuiwala kuti ndalemba ndani. Dzuwa linafika paliwombo mzere usanasunthe, anthu atakhala tsonga m'mithunzi, njala itawagwira. Mayi wina wachikulire wa ku Zemba anasuzumira pa windo n'kufunsa, "Kodi a mlembi, mvula idikira makina anuwo?" Manyazi anandigwira.

Apampando anatuma munthu kukaitana Misozi. Anabwera, anakhala pa mpando wanga, anabwezera mapurosesa awiriawiri aja, ndipo mzere unayamba kuyenda nthawi yomweyo. Kenako anatsegula pena pake n'kuwaonetsa a komiti mapurosesa onse asanu ndi atatu akugwira ntchito. Polankhula sanayang'ane ine, anayang'ana apampando: "Ng'ombe zisanu ndi zitatu simungalonjeze alimi atatu kuti aliyense alimire zonse m'mawa umodzi. Amangodikirana, munda osalimika." Foni ija, ndinamva pambuyo pake, anagula atagulitsa nsawa za m'munda mwake.

Inu owerenga, makina ali ndi malire ake, ndipo amene akukupatsani zochepa si nthawi zonse pamene wabisa zina. Mukaona nambala yosakukomerani, funsani kawiri, katatu, kapena funsani wina wodziwa, musanatchule dzina la munthu pagulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala imabwezeredwa ndi chala chimodzi, koma mawu oti wakuba sabwezeka chotero.

Ndinapita ku Pembamoyo ndi nkhuku kukapepesa kwa iye ndi mayi ake. Nkhuku analandira, ntchito anabwerera, ndipo sanandinenepo choipa. Koma m'mawa uliwonse akalowa mu ofesi amangoti, "Mwadzuka bwanji, a mlembi?" Mawu aja oti atate sindinawamvenso.