Mayi ake a Esnat Atapezeka Panja Kutacha

Esnat ndimagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Barking, kuno ku London. Ndi mzimayi wolimba mtima zedi. Nkhalamba zachizungu zodwala matenda oiwala zimamulavulira, zina zimavula zovala pagulu, iye amangoziveka uku akuseka. Koma chaka chino ndamuona ali ndi mantha.

Anaitanitsa mayi ake kuchokera ku Zomba kuti azikhala nawo. Posakhalitsa mayiwo anayamba kuyankhula okha ndi kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Matendawo Esnat anawazindikira msanga, si ndiye ntchito yake? Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi mpingo wake wa ku Tottenham, kumene abusa amakonda kutsegula Baibulo pa lamulo lija la Mose loletsa kusiya mfiti ndi moyo.

Mwana wake Atikonda, amene amaphunzira mbiri yakale kuyunivesite ku Greenwich, ndiye anawonjezera mantha. Ana a masiku ano sadziwa kusankha nthawi yoyankhulira.

"Mum, vesi lomwelo azungu akuno ankaliwerenga kalekale akamapachika amayi okalamba," anatero. "Osauka, oyankhula okha, just like agogo. Ena ophunzira ankati lamulolo limanena za opha anzawo ndi poizoni, koma nobody listened."

Esnat anamukalipira kuti atseke pakamwa, koma nkhaniyo anabwera nayo kuntchito, nandiuza tikuyala mabedi.

Loweruka lina m'mawa, Esnat ali kosamba, mayi ake anatsegula chitseko n'kutsika masitepe osavala. Amene anawapeza atakhala pafupi ndi zotayiramo zinyalala anali Mayi Chanda, oyandikana nawo nyumba, amenenso ndi mtsogoleri wa amayi kumpingo kuja. Kwathu tonse timadziwa zimene anthu amanena: nkhalamba yopezeka maliseche panja kutacha, amati yagwa palichero pochokera kotamba. Mayi Chanda sanawafunditse ngakhale chitenje. Anaima patali, milomo ikugwedera ndi pemphero. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Lamlungu madzulo abusa anaimba foni.

"Sister Esnat, tibwera Lachitatu tidzawapange deliverance amayi, tiwatulutse ziwanda za ufiti. Kuyambira mawa asadye kanthu. Ma tablets a kuchipatala musiye kaye."

Anthu a mpingo amenewa ndi omwe anamulandira Esnat atangofika ku London, ndi omwenso anamuthandiza kutumiza kumudzi thupi la mwamuna wake. Alendo otero ungawabweze bwanji pakhomo?

Lachiwiri kuntchito Esnat anandikokera pambali, maso atafiira.

"Iwe, ndikuopa," anatero. "Chakudya ndikuwapatsabe mobisa, ma tablets omwe. Ndikakana kutsegula, adzati ndikusunga mfiti. Ndikatsegula..."

Kenako anangondiuza kuti mayi ake, atamva kuti kubwera alendo a mpingo, anakondwa ngati mwana, namupempha kuti awasitire bulauzi yawo yoyera ya Mvano. Esnat anaisita akulira.