Kanola wa mu Seputembala

Mayi atamwalira, ndinaitana bambo kuti adzakhale nane ku Greenbelt, kuno ku America, miyezi ingapo. Ndinkati mwina kusintha mphepo kuwathandiza, koma ayi ndithu. Munthu amene analima dimba ku Dedza moyo wake wonse anangokhala pampando wa pawindo, manja pamaondo, kupenya magalimoto. Ine ndinkalawirira ku Bethesda kukasamalira okalamba a eni, wanga akufota m'nyumba. Zinkandiwawa, ndipo ndinkaopa kuti atsatira mayi.

Ndinapeza kamalo m'dimba limene anthu a m'dera lathu amagawana, kamalo koti mphasa ziwiri n'kudzaza. Mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye anandipatsa njere za kanola, mbale wake wa repu amene amayengera mafuta ophikira. Popereka anandichenjeza kuti, "Musabyale manje, mulindile Seputembala."

Nditawafotokozera bambo, anaseka koyamba chibwerere.

"Seputembala? Nthawi yososa? Repu amafesa mvula ikatha, chisanu chikamalowa. Meyi, Juni."

"Ababa, kuno Juni ndi ng'anjo."

"Juni ndi Juni, mwanawe."

Sindinalimbane nawo. Munthu wafunsa yekha kumene kuli khasu, ine ndimutsutsirenji? Ndinangobisa theka la njerezo m'kabati.

Anafesa kumapeto kwa Meyi. Kanola anamera mokongola, bambo n'kumati m'mera mpoyamba. Anayamba kudya bwino, kumeta ndevu, ngakhale kukangana ndi agologolo m'Chichewa. Tinathyolako masamba kangapo, koma iwo mtima unali pa njere. Ankafuna kundisiyira mbewu yokolola ndi manja awo.

Maluwa achikasu anatuluka mu Julayi, dzuwa likuswa mtengo, mvula itadula. Apa bambo anachita zimene ankachita kumudzi ndi repu wosiyira mbewu: anachepetsa kuthirira kuti njere zikhwime. Kwathu zimatheka, chifukwa dothi la kudambo limasunga chinyezi ndipo kunja kumakhala kozizira. Kuno dothi linauma gwa. Maluwa anayoyoka, ndipo timakoko tochepa timene tinagwira tinali towonda ngati singano. Ndinawapeza atafikisa kamodzi m'manja, akuuzira. Munatsala mankhusu okhaokha.

"Kuno sindine mlimi," anatero, n'kutsamiritsa khasu kumpanda. Anabwerera pampando wawo.

Seputembala atafika ndinatulutsa njere zobisa. Anakana. Anati mu Novembala akhala atapita, mlendo ndi mame, ndiye afeserenji chinthu chimene sadzachiona. Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti ngati safesa ndifesa ndekha, ndipo akudziwa mmene mizere yanga imakhotera. Mawu amenewo anawadzutsa. Anafesa akung'ung'udza, koma mizere inawongoka bwinobwino.

Ananyamuka kubwerera ku Dedza mbewu itafika m'kakolo. Kenako chipale chofewa chinakwirira zonse, masamba n'kugona pansi ngati owiritsa. Pafoni sankafunsa za dimba, inenso sindinkazitchula. Mchimwene wanga amene amakhala nawo anandiuza kuti chibwerere sanapondeko kudimba kwawo, akuti manja awo anatha.

Mu Epulo kanola uja anadzuka n'kuchita maluwa kunja kukadali kozizira. Ndinkathirira ndikaweruka kuntchito, yunifolomu ili m'thupi, osadumphitsa mpaka makoko atafufuma. Mu Juni ndinamweta, ndinayanika pakhonde, ndipo popuntha njere zakuda zinadzaza botolo.

Ndinaimba foni ya kanema, mchimwene wanga n'kuwagwirira. Ndinagwedeza botolo kuti amve kulira kwake. Anayang'anitsitsa botololo.

"Wafesa ndani ameneyo?"

"Inu, ababa."

"Uja wa mu Seputembala?"

"Yemweyo."

Anapukuta kumaso ndi chipewa. Kenako anauza mchimwene wanga kuti akawafunire keni yothirira, aione ngati sinabooke. Atatero anayandikitsa nkhope pafoni n'kutsitsa mawu.

"Koma usauze anthu kuno kuti ndinafesa mu Seputembala. Andiseka."