Chuma Cholira cha Rakele

Mbuzi inalira pakati pa usiku, ndipo onse amene anabisala m'chigwa kuseri kwa mudzi wa Meluluka anagwidwa ndi mantha. Chaka chimenecho, 1987, anthu sankagona m'nyumba poopa amfuti otsika kumapiri. Mbuziyo inali ya Rakele. Dzanja limodzi anagwira kukamwa kwa mbuzi, linalo kukanikiza khanda lake kubere. Amfuti sanabwere, koma kutacha amayi anzake anamuuza mosabisa kuti asankhe: kubisala ndi anthu kapena kubisala ndi mbuzi.

Rakele anali atasiya sukulu ya ku Metangula aphunzitsi atathawira ku Lichinga. Mwamuna wake anatengedwa usilikali, namusiyira kandalama. Poona kuti ndalama ya dzikolo, metikali, ikusungunuka ngati mchere m'madzi, anachita zomwe makolo ankachita, kugula mbuzi zitatu. Ankadziona wochenjera.

M'mawawo anakadandaula kwa amalume ake, a Bartolomeyo, osoka maukonde. Anawapeza akusolola linya m'tayala lakale, pakuti ulusi wa m'sitolo unali utasowa kalekale.

"Amalume, anthuwa ndi nsanje basi."

"Nsanje? Chuma chako chimaitana mfuti, mwanawe. Masiku ano usagule chinthu cholira, chonyezimira, kapena chimene sungathamange nacho. Malata a a Salimo ali kuti? Wailesi ya Gervásio? Zonse zinapita ndi amfuti."

"Ndiye ndizidya ndalamazo?"

"Dzala chinangwa. Wamfuti alibe nthawi yokumba. Zotsalazo uike m'zala zako. Khala apa."

Anamupatsa singano yansungwi. Asodzi odutsa anaseka kuti mkazi wayamba liti kusoka ukonde. A Bartolomeyo anawayankha kuti amuna osokawo athera kunkhondo, ngati akufuna adikire mtendere ndi maukonde obooka.

Kuphunzirako kunali kowawa. Linya limacheka zala. Rakele ankamanga mfundo tsiku lonse, mwana ali kumsana, madzulo amalumewo n'kulowetsa chala m'diso lililonse la ukonde, kukoka, kenako kudula zonse ndi mpeni.

"Mukuwononga dala!" anakuwa tsiku lachinayi. "Ine ndinafika kalasi yachisanu ndi chimodzi!"

"Chambo sichifunsa kalasi. Diso limodzi likakula, nsomba zonse zitulukira pomwepo. Osathamanga. Mfundo khumi zolimba ziposa zana za manyazi."

Rakele anataya singano pamchenga n'kuchoka akutukwanira mumtima. Popeza anali atasankha mbuzi, masiku onsewo ankagona yekha pansi pa thanthwe, kutali ndi anzake, mbuzi atazimanga pakamwa ndi luzi. Tulo ankangotiba. Tsamba likagwa, iye dzidzimu. Ankadziwa kuti amfuti atatulukira, palibe woti amunyamulire mwana kapena kumuuza kolowera.

Tsiku lachisanu mbuzi imodzi inapezeka itafa, luzi litaitsamwitsa. Rakele anaiyang'ana nthawi yaitali. Misozi sinabwere, unabwera ukali, ndipo womukwiyira analibe koma iye mwini.

Anabwerera kwa amalume ake, natola singano ija pomwe anaitaya.

"Ziwiri zotsalazo ndikagulitsa mawa kwa asilikali apanyanja ku Metangula," anatero osawayang'ana. "Ndigula mbewu ya chinangwa ndi tayala langalanga. Lero ndikagona ndi anthu. Koma mukadulanso mfundo zanga, muzindionetsa polakwika, osangodula."

A Bartolomeyo anasendera, namusiyira malo pamthunzi.