Dokotala wa Malipenga ndi Lumo Lake

A Manase Mwalughali a ku Uraha sukulu analekeza sitandade faifi, koma mukafunsa kuti a dokotala amakhala pati, aliyense akulozerani nyumba yawo. Udokotala wakewo ndi wa ku malipenga. Gule ameneyu ali ndi maudindo ngati a asilikali, ndipo iwo kwa zaka makumi anayi akhala akuvala chikhoti choyera n'kumayendera mzere wa ovina, kuona zikhadabo, masokosi ndi makabudula. Wauve amamutulutsa pamzere, kaya ndi mlamu wawo. Masiku enawa ndi mlimi wa chinangwa basi.

Kale, mpikisano ukayandikira, ankatemanso anzawo mphini m'mawondo kuti miyendo isatope. Lumo limodzi, kupukuta pakabudula, wina bwera! Ankadziwa ndani?

Chaka chatha akazi awo, a Yunike, anawakokera kuchipatala ku Chilumba poona kuti munthu akungotopa ndi khasu lomwe. Atawayeza magazi, namwino anati ali ndi hepataitisi C, kachilombo kodya chiwindi mwakachetechete. Anati kamapezeka kwambiri mwa achikulire kuposa achinyamata, chifukwa cha majakisoni ndi malumo obwerekana a makedzana, koma mankhwala alipo, munthu amachira.

Za kuchirazo a Manase sanazimve n'komwe. Chinawalasa mtima ndi lumo. Mwa anthu amene anawatema, khumi ndi mmodzi anali adakali moyo, ndipo anawayendera onse khomo ndi khomo. Khumi anapita kukayezetsa. Wotsala anali a Morton, Kingi, kapena kuti mtsogoleri, wa gulu lawo la malipenga, mnzawo wa paubwana, munthu wa makani osati masewera.

"Ine ndimamaliza mbale ziwiri, ndidwala chiyani?" anatero a Morton. "Achipatalawo akufuna akagulitse magazi angawa."

"Magazi a nkhalamba ngati iwe agule ndani?" anayankha a Manase.

Koma ayi ndithu, a Morton anakanitsitsa, uku maso ayamba kale chikasu. A Manase chakudya sichinkalowa.

Loweruka lina pokonzekera mpikisano wa Khirisimasi, ovina ali ndandanda, dokotala anavala chikhoti n'kuyamba kuyendera. Atafika pa Kingi anaima.

"Tulukani, adada."

Ng'oma inaleka. Amayi oonerera anagwira pakamwa. Chiyambire gululi, ndani anatulutsapo Kingi pamzere?

"Masokosi angawa atani?" anakalipa a Morton.

"Masokosi ali bwino. Wosayezetsa savina. Gule mumalamula ndinu, koma matupi ndi anga." Apa a Manase anawayandikira. "Ndinakutema ndine, Morton. Ukafa ndi chiwindi, pamaliro pako ndidzakhala pati?"

A Morton ananyamula ndodo yawo yaufumu n'kumapita akung'ung'udza m'Chitumbuka. Masabata awiri anakhala pakhonde, malipenga akulira patsidya, phazi likuvina lokha pansi pa mpando. Sabata yachitatu anagonja, anakayezetsa.

Kachilombo kanapezeka. Mwa khumi ndi mmodzi aja, iwo anali achitatu kupezeka nako.

A Manase atamva anapita kwa mnzawoyo, chipewa chili m'manja, atakonzeka kutukwanidwa ndi kutha kwa chibwenzi cha zaka zonsezi. Anagwada pakhonde ngati mkamwini wolakwa.

A Morton anawakoka mkono.

"Dzuka, ukundichititsa manyazi. Mphini zija ndinkazipempha ndekha, ndinkafuna zinayi pomwe ena ankalandira ziwiri. Koma chilango chilipo. Tsiku lililonse lokatenga mankhwala uzindikweza panjinga yako, kupita ndi kubwera."

Ndiye mukadzaona nkhalamba ziwiri panjinga imodzi panjira ya ku Chilumba, yowonda ikupalasa thukuta lili kamukamu, yonenepa ili pakaliyala ikulamula kuti fulumira, musawamvere chisoni a Manase. Amafika kunyumba miyendo ikunjenjemera, a Yunike n'kuwafunsa ngati Kingi akulemera.

"Akulemera kwabasi," amayankha akuseka. "Azilemera choncho, mwe. Ndikanamunyamula m'bokosi."