Tsache la Apongozi Anga

Tili pa chibwenzi, mwamuna wanga atandiuza kuti amayi ake ndi ndani, ndinakuwa mpaka kugwetsa foni. Amayi aja a pa TV! Aja a mpango wofiira, amene kuyambira ndili mwana akhala akusewera ngati apongozi ankhanza, othamangitsa akazi a ana awo ndi tsache. Kumsika ena amakana kuwagulitsa tomato, iwo n'kumangoseka kuti ndiye kuti ntchito ikuyenda.

Tsiku lokawaona linafika. Ndinawapeza pabalaza, magalasi ali pamphuno, akuloweza mawu a sewero. Atangondiona anadzuka n'kutola tsache.

Ine ulendo, liwiro la mtondo wadooka, nsapato n'kuzisiya pakhomo!

"Iwe, bwerera!" anakuwa, akuseka mpaka misozi. "Ndimafuna ndisese poti ukhale!"

Lero ndine amene ndimawathandiza kuloweza mawuwo. Ndimakhala mpongozi wozunzidwa uja, iwo n'kumandikalipira, mdzukulu wawo ali pamiyendo akuwaseweretsa ndolo. Akamaliza amatsitsa mawu n'kundifunsa: "Mwana wanga, zakubaya mokwanira, kapena ndiwonjezere?"