Tsiku Limene Mawu Anamuthawa Murdo Geddes

Murdo Geddes wa m'tauni yathu ya Greenock anasiya ntchito yowotcherera zombo n'kuyamba zisudzo. M'mafilimu ankangomupatsa mbali ya msilikali wofa msanga, koma m'sewero la pa Khirisimasi mu holo ya kwathu ankavala diresi n'kukhala mayi wolongolola, ana n'kumamukuwiza monga mwa mwambo wathu. Ine ndinali wokoka katani yotsegulira ndi kutsekera sewero.

Atakalamba, tsiku lina mawu anamuthawa pakati pa sewero. Anangoima. Anthu anayesa akuchita dala.

"Lankhulani, amayi! Mwameza mano?" anakuwa wina kumbuyo, holo yonse n'kufa nako kuseka.

Murdo ananditembenukira. "Tsitsa, Lachie, chonde."

Katani satsitsa woyang'anira sewero asanalamule, ndipo iyeyo ankaseka nawo. Ndinangogwira chingwe, osatsitsa. Kuchokera tsikulo palibe anamuitananso kudzasewera.